Njinga yodya mapulagi: zolemba za ntchito pa injini ya 150cc

Lolemba

Njinga yomwe yalowa ndi ya kabaza, injini ya 150cc ya mtundu wa CG, ija ya mapushirodi yomwe ili pa njinga zambiri zochokera ku China zomwe zadzaza m'misewu ya Lilongwe. Kabuleta, chosakaniza petulo ndi mpweya, ndi PZ27 ya choki cha pamanja (chochepetsera mpweya poliza injini yozizira), moto umachokera ku magineto kudzera pa CDI (kabokosi kotumiza moto ku pulagi pa nthawi yake), ndipo pulagi yoyenera injiniyi ndi D8TC kapena D8EA. Imayenda pakati pa Area 25, Kanengo ndi m'tauni, maulendo afupiafupi, ndipo nthawi yambiri imakhala pa siteji ikulira pang'onopang'ono podikira anthu.

Dandaulo la achimwene oyendetsa ndi loti pulagi yatsopano siichedwa kuda. Njinga imayamba kutsokomola, m'mawa imavuta kulira, kenako imazimiratu. Akaika pulagi ina imalira bwinobwino, koma posakhalitsa vuto limabwerera. Petulo nayenso akutha msanga kuposa kale. Abwera ndi mapulagi akale m'jumbo, ndipo tayamba ndi amenewo tisanagwire sipanala.

Ambiri mwa mapulagiwa ali ndi mwaye wakuda wouma, wonga wa kunsi kwa poto wophikira pa nkhuni. Ukapaka chala umachoka ngati ufa. Mwaye wotere umasonyeza kuti petulo akulowa wambiri kuposa mpweya, kapena moto wa pulagi ndi wofooka moti petulo sakupsa yense. Ochepa ndi onyowa ndipo akununkha petulo, kusonyeza kuti anachotsedwa injini itakhuta mafuta pa kuponda kiki mobwerezabwereza. Palibe pulagi yomwe ili ndi phala lakuda lonyezimira lomata m'zala, lomwe limakhala la oyilo. Choncho maringi ndi pisitoni sitikuzikayikira poyamba, ngakhale tiziyesabe.

Pulagi imodzi m'jumbomo ndi yaifupi, ya mazinga a 12.7 mm m'malo mwa 19 mm. Imalowa bwinobwino chifukwa kukula kwa mazinga ndi komweko, 12 mm, koma nsonga yake imatsala mkati mwa bowo osafika m'chipinda choyakira mafuta. Pulagi yotere imada msanga, ndipo mazinga a hedi (mutu wa injini) otsala opanda kanthu amadzaza mwaye wouma. Tsiku loika pulagi yaitali imalimba pakati pa njira, munthu nkuikakamiza, mazinga a aluminiyamu nkuphwanyika. Pa mapulagi a kampani ya NGK chilembo E chimatanthauza 19 mm, H chimatanthauza 12.7 mm. Mazinga a hedi iyi tawatsuka ndi pulagi yakale yaitali yomwe tinaicheka mizere iwiri m'litali, titaipaka girisi kuti zinyalala zimatirire pamenepo zisagwere m'silinda.

Chomwe chimapha pulagi yakuda nchosavuta kumvetsa. Mwaye umadutsitsa magetsi. Ukakuta mphuno yoyera ya pulagi, yomwe payokha siidutsitsa magetsi, kuchokera ku nsonga mpaka kuchitsulo cha m'mbali, magetsi amatsata njira imeneyo m'malo modumpha mpata, ndiye moto suoneka. Pulagi imadziyeretsa yokha mphuno yake ikatentha kufika pafupifupi madigiri 450 mpaka 500. Njinga ya kabaza yomwe imakhala pa idling (kulira pang'onopang'ono itangoima) nthawi yaitali ndi kuyenda makilomita awiri kapena atatu siifika kutentha kumeneko kawirikawiri, nchifukwa chake vuto laling'ono la kabuleta limaonekera msanga pa njinga zotere kuposa pa njinga yoyenda mtunda wautali.

Tayang'ananso oyilo. Wapitirira mzere wapamwamba pa kamtengo koyezera, ndi wamadzimadzi ndipo akununkha petulo. Oyendetsa akuti sanaonjezere oyilo posachedwa. Oyilo sadzichulukitsa yekha, ndiye pali petulo yemwe akutsikira m'munsi mwa injini. Tawafunsa ngati amatseka kampopi ka petulo usiku, ayankha kuti ayi. Izi tazilemba pambali, tizibwerera tikatsegula kabuleta.

Lachiwiri

Mpweya ndi moto lero, kabuleta isanakhudzidwe.

Fyuluta ya mpweya ndi ya siponji. Yatuluka yolemera, yofiira ndi fumbi kunja, mkati yonyowa ndi oyilo mpaka kudontha ukaifinya. M'bokosi lake pansi muli dziwe la oyilo wosakanikirana ndi dothi. Oyilo ameneyu wabwera kudzera pa paipi yopumira injini, yomwe pa njinga iyi imathera m'bokosi la fyuluta. Oyilo akachuluka m'injini, nthunzi yake imakankhidwira kumeneko. Fumbi la miyezi ino ya chilimwe m'misewu ya m'makwalala a Area 25 likakumana ndi siponji yonyowa chotere limapanga matope otseka mabowo onse. Fyuluta yotsekeka imagwira ntchito ngati choki chotseka theka: injini ikakoka, mpweya umachepa ndipo mafuta amakokedwa ambiri kuchokera m'majeti, timabowo ta m'kabuleta todutsa petulo.

Siponji sinang'ambike, ndiye taichapa ndi palafini, taifinya osaipotokola, taisiya iume. Kenako taipaka oyilo woyera wa injini pafupifupi sipuni imodzi yaikulu, nkuifinyafinya mpaka oyilo afalikire paliponse, wotsala nkumupukuta ndi nsalu. Siponji yopakidwa bwino imangonyowetsa chala, siidontha. Ena amaichotseratu fyuluta akaona njinga ikubanika. Njinga imapepukadi tsiku limenelo, koma fumbi limadya maringi ndi silinda m'miyezi yochepa. Mwezi ngati uno fyuluta ya kabaza imafunika kuchapidwa sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse.

Titachotsa paipi ya labala yolumikiza bokosi ndi kabuleta tayang'ana choki m'kamwa mwa kabuleta. Kambale ka choki kamayenera kugona chopingasa, njira yonse ili pululu, choki chikakhala chotsegula. Apa kamagona bwino, koma kachitsulo kogwira ndodo yake kafooka, moti ukagogoda kabuleta ndi chigwiriro cha sikuludiraiva ndodo imatsetsereka yokha kufika pakati. Pa msewu wa mabampu izi zimachitika woyendetsa osadziwa. Takhotetsa kachitsuloko kuti kagwire, ndipo taonetsa achimwenewo mbali yomwe ili yotsegula, chifukwa pa makabuleta awa ambiri amasokoneza kumwamba ndi pansi. Njira yotsimikizira ndi kuyang'ana kambaleko ndi maso.

Kumbali ya moto tinayamba ndi kapu ya pulagi. Kapu yabwino ya mtundu uwu imaonetsa pafupifupi 5 kΩ pa multimeter, chipangizo choyezera magetsi. Iyi imaonetsa manambala osakhazikika, nthawi zina kupitirira 20 kΩ, ukaigwedeza nambala nkusintha. Titaimasula ku waya, sikulu yake yolowa m'waya yapezeka yobiriwira ndi dzimbiri, ndipo timawaya ta mkati tapsa. Tadula waya pafupifupi sentimita imodzi mpaka pooneka mkuwa wowala, nkupotokolera kapu yatsopano. Koilo, yomwe imakweza mphamvu ya magetsi opita ku pulagi, yaonetsa pansi pa 1 Ω kumbali yolowera magetsi ndi pafupifupi 4 kΩ kumbali ya waya wa pulagi popanda kapu, zomwe zili bwino pa koilo ya CDI. Pomwe koilo imamangidwa ku fulemu panali dzimbiri, tapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chioneke.

Kuyesa moto pogoneka pulagi pa hedi nkuponda kiki sikokwanira. Kunja kuno moto wofooka umadumpha mpata wa 0.7 mm mosavuta, koma m'silinda momwe mpweya wapanikizika umalephera. Timayesa ndi mpata wa 6 mm kuchokera ku waya kupita ku chitsulo cha injini, waya atagwiridwa ndi pulayala ya zogwirira za labala, kutali ndi bowo la pulagi ndi petulo aliyense. Tsopano moto ukudumpha mpata umenewo, wabuluu, pa kiki iliyonse.

Lachitatu

Tisanamasule kabuleta tayeza mulingo wa petulo m'kabakuli kake ikadali pa njinga. Njira yake: paipi yoonekera mkati imalumikizidwa ku kabowo kotulutsira petulo pansi pa kabakuli, nkuikhotetsa kuti iime m'mbali mwa kabuleta, njinga itaima chilili pa sitandi yapakati. Mukamasula sikulu yotulutsira ndi kutsegula kampopi, petulo amakwera m'paipi kufika pa mulingo womwe ali mkati. Amayenera kuima pafupi ndi polumikizana kabakuli ndi thupi la kabuleta, kapena pansi pake pang'ono. Apa anapitirira mzerewo ndi mamilimita angapo, ndipo titadikira mphindi zisanu anali akukwerabe pang'onopang'ono. Fuloti, choyandama chomwe chimatseka petulo kabakuli kakadzaza, sikutseka.

Kabuleta yotere imayenera kudontha pansi kuti mwini wake adziwe. Iyi siinkadontha chifukwa paipi yotayira petulo wosefukira inali yotsekeka ndi dothi louma kumapeto kwake. Petulo atasowa kolowera ankakwera m'majeti nkutsikira m'khosi la injini. Usiku wonse kampopi kali kotsegula, valavu yolowetsa ikakhala kuti yaima yotsegula, amalowa m'silinda, nkudutsa m'mbali mwa maringi kukathera mu oyilo. Oyilo wochuluka wa Lolemba uja wachokera pamenepa, ndipo fyuluta yonyowa ya dzulo nayonso yachokera pomwepa. Mavuto atatuwa ndi unyolo umodzi.

Titatsegula tapeza izi. Kansonga ka labala ka singano ya fuloti kali ndi mzere wozungulira womwe chikhadabo chimakodwapo, ndipo labalayo wauma. Pansi pa kabakuli pali dzimbiri lofiira losalala ndi timadontho ta madzi. Fuloti yeniyeni ndi yabwino, ukaigwedeza pafupi ndi khutu simumveka mafuta mkati. Petulo wa ku Malawi kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo dziko lino linayamba kusakaniza kotere mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye thanki yomwe imakhala ndi malita awiri okha masiku onse, monga zimakhalira ndi njinga zambiri za kabaza, imachita dzimbiri mkati, ndipo kachidutswa kamodzi kokha kakakhala pa mpando wa singano fuloti siitsekanso. Labala wotsika mtengo wa m'makiti ena a kabuleta nayenso sachedwa kuuma m'mafuta otere.

Chachiwiri ndi sikulu yosinthira mafuta a idling, yomwe pa PZ27 ili pansi, kutsogolo kwa kabakuli, mbali ya injini. Sikulu ikakhala mbali imeneyo imayendetsa petulo: kuitulutsa nkuonjezera mafuta, kuilowetsa nkuchepetsa. Tinaiwerenga poilowetsa pang'onopang'ono mpaka itangokhudza, ndipo inali itatulutsidwa maulendo anayi athunthu ozungulira. Poyambira pabwino pa kabuleta iyi ndi pakati pa ulendo umodzi ndi theka ndi maulendo awiri ndi theka. Zikuoneka kuti inatulutsidwa pofuna kuthandiza njinga yovuta kulira m'mawa, pomwe vuto linali mafuta ochuluka kale. Kumapeto kwa sikuluyi kumakhala sipuling'i, kawashala ndi ka O-ring kakang'ono, motsatana choncho. Ka O-ring kanali kophwanyika. Sikuluyi simuimanga mwamphamvu, nsonga yake ndi yopyapyala ndipo ikathyokera m'bowo kabuleta yonse yatha.

Chachitatu ndi singano yaitali ya mu silaidi, chitsulo chomwe chimakwera m'kabuleta ukapereka moto. Ili ndi mizere isanu ya kilipi, ndipo kilipi inali pa mzere wachinayi kuchokera kumwamba. Kutsitsa kilipi kumakweza singano, kukweza singano kumaonjezera mafuta. Taibwezera pa mzere wapakati. Singanoyo ili ndi malo owala mbali imodzi pomwe yakhala ikukhuzana ndi bowo lake, koma sinadyeke mpaka kupanga khwawa. Bowo lolowamo singano likadali lozungulira tikaliyang'ana moloza kuwala. Likakhala ngati dzira, ndiye kuti mafuta azichuluka throttle (chogwirira choperekera moto) ikakhala pakati ngakhale mutasintha zina zonse.

Apa mpofunika kudziwa kuti gawo lililonse la kabuleta lili ndi nthawi yake. Kuyambira pa idling kufika pa kota ya throttle, mafuta amadutsa mu jeti yaing'ono ndi sikulu ija. Kuyambira pa kota kufika pa makota atatu ikulamulira ndi singano. Jeti yaikulu imalamulira kumapeto kokha. Wakabaza wa m'tauni, pakati pa magalimoto a pa mlatho wa Lilongwe kapena ku Malangalanga, sapitirira theka la throttle pafupifupi tsiku lonse. Amakaniko ambiri pulagi ikada amathamangira kuchepetsa jeti yaikulu, koma pa njinga yotere sipamene pali vuto, ndipo jeti yochepetsedwa mopitirira imadzaotcha injini tsiku lomwe njingayo yanyamula katundu kupita ku Lumbadzi moto uli wonse.

Jeti yaikulu pano yalembedwa 100, koma kamwa lake lili ndi zikande, kusonyeza kuti inatokosedwa ndi waya. Mkuwa ndi wofewa, waya wachitsulo umakulitsa bowo ndipo nambala yolembedwayo siigwiranso ntchito. Tiika yatsopano ya nambala yomweyo. Timabowo ta mpweya tiwiri ta pakamwa pa kabuleta tinali totsekeka theka ndi fumbi la oyilo, ndipo tikatsekeka nato mafuta amachuluka. Tatsuka ndi mankhwala opopera otsukira kabuleta ndi mpweya wa kompuresa, osalowetsa waya paliponse.

Lachinayi

Zogula: kiti ya PZ27 yokhala ndi singano ya fuloti, gasiketi ya kabakuli ndi O-ring, jeti ya 100, kafyuluta ka petulo koika pa paipi, paipi ya petulo theka la mita, lita imodzi ya oyilo wa 20W-50 wa njinga zamoto, ndi mapulagi awiri a D8EA. Singano ya fuloti ya m'kiti tayerekeza kutalika kwake ndi yakale tisanaike, chifukwa makiti amasiyana ngakhale bokosi litalembedwa chimodzimodzi. Singano yaitali ya m'kiti sitinaigwiritse ntchito, kupyapyala kwake nkosiyana ndi yoyambirira.

Thanki taikhuthula yonse m'chidebe choonekera. Pansi panakhazikika madzi pang'ono ndi dzimbiri. Fungo la palafini silinamveke, koma tawauzabe oyendetsa kuti petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu akasakanizidwa ndi palafini sapsa bwino ndipo amadetsa pulagi chimodzimodzi. Kasefa ka pa kampopi kanali kong'ambika. Taika kafyuluta pa paipi, muvi wake utaloza ku kabuleta.

Kabuleta itabwerera, mulingo wa petulo m'paipi yoonekera waima pafupifupi milimita imodzi pansi pa mzere, ndipo sunasunthe kwa theka la ola kampopi kali kotsegula. Oyilo wakale tamukhetsa, wotuluka anapitirira lita kwambiri. Kasefa ka oyilo ka pansi pa injini kumanzere tatsuka, nkuthira oyilo watsopano mpaka mzere wapamwamba, kamtengo koyezera kongokhazikidwa pabowo osakapotokola. Injini yotere imatenga pafupifupi lita imodzi. Sitinailize lero, mavalavu amafuna injini yozizira m'mawa.

Lachisanu

Mavalavu poyamba. Chilembo T cha pa fulaiwilo chalunjika ndi kamzere ka pa bowo loyang'anira, pisitoni ili pamwamba pa ulendo wopanikiza, marokala onse awiri akugwedera. Wolowetsa unali wothina, feeler gauge (kachitsulo kopyapyala koyezera mpata) ya 0.03 mm inkakana kulowa. Wotulutsa unali pa 0.13 mm. Mabuku a injini za mtundu wa CG amapereka pakati pa 0.05 ndi 0.08 mm injini itazizira. Taika 0.06 mm kolowetsa ndi 0.08 mm kotulutsa. Valavu yothina siikhala bwino pa mpando wake injini ikatentha, mphamvu yopanikiza imathawa, ndipo idling imavuta. Mwina ichi nchomwe chinayambitsa kuti sikulu ya mafuta itulutsidwe chotere.

Pulagi yatsopano tayeza mpata wake, 0.6 mpaka 0.7 mm. Imalowetsedwa ndi zala mpaka washala akhudze hedi, kenako theka la ulendo ndi sipanala ya 18 ngati washala ndi watsopano. Pulagi yomwe inamangidwapo kale imangofuna kukhotetsa pang'ono kwambiri, chifukwa washala wake anaphwatalala kale. Okhala ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, aike pakati pa 15 ndi 20 Nm. Pulagi yosamangika bwino siipereka kutentha kwake ku hedi, yomangika mopitirira imazula mazinga.

Njinga yalira pa kiki yachiwiri ndi choki, ndipo patatha theka la miniti inafuna choki chichotsedwe. Ichi nchizindikiro chabwino. Injini yomwe imalira yozizira m'mawa popanda choki nkomwe nthawi zambiri imakhala kuti mafuta ake a idling ndi ochuluka. Itatentha bwino tasintha sikulu ya mafuta kuyambira pa maulendo awiri, kota kota, tikudikira masekondi angapo pakati, mpaka pomwe injini imalira mothamanga ndi mosalala kwambiri. Yakhazikika pa ulendo umodzi ndi makota atatu. Idling taitsitsa ndi sikulu ya m'mbali kufika pafupifupi 1,400 rpm. Ukapereka moto mwadzidzidzi imayankha osabanika, ukausiya imabwerera pa idling osachedwa komanso osagwa pansi pake.

Kompuleshoni, mphamvu yopanikiza ya m'silinda, tayesa injini ili yotentha, throttle yotsegula yonse, choki chotsegula, kiki mpaka singano ya geji itasiya kukwera. Yafika 9.5 bar. Titathira oyilo pafupifupi 5 ml pabowo la pulagi yafika 10 bar. Kukwera kochepa chotere kukusonyeza kuti maringi akugwira. Akanakhala otha, oyilo akanatseka mpata ndipo nambala ikanadumpha kwambiri. Powerenga geji muno mu Lilongwe tizikumbukira kuti mzindawu uli pafupifupi mamita 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya ndi wopepuka ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo khumi. Geji imaonetsa zochepa kuposa za m'buku ndi gawo longa lomwelo, ndipo injini yabwinobwino ikhoza kutsegulidwa pachabe ngati izi zaiwalika. Kupepuka kwa mpweya komweku kumachititsa kuti kabuleta yokonzedwa kufakitale ya kumalo otsika izipereka mafuta ochulukirapo pang'ono kuno, ngakhale ili yatsopano. Pakokha sizidetsa pulagi, koma zimachepetsa malo olakwitsira.

Loweruka

Kuyesa pa msewu, ku Bypass komwe kuli malo oyenda osaimaima. Pulagi yochotsedwa njinga itabwerera pa idling imangouza za idling yokha, ndiye njira yake ndi iyi: pulagi yoyera, injini yotentha, kuyenda makilomita angapo throttle itagwiridwa malo amodzi, kenako kukoka kilachi ndi kuzimitsa injini nthawi imodzi, njinga nkuima yokha kunja kwa msewu. Timadikira hedi izizireko tisanamasule, mazinga a aluminiyamu otentha sachedwa kuonongeka. Pa chogwirira tamata tepi yokhala ndi zizindikiro za kota, theka ndi moto wonse kuti dzanja lisamangoganizira.

Pa kota mphuno yatuluka yotuwa mofiirira pang'ono, youma. Pa theka chimodzimodzi. Pa moto wonse yaderako pang'ono kunsi kwenikweni kwa mphuno, zomwe tazisiya dala. Injini yoziziritsidwa ndi mphepo, yonyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga m'dzuwa la Okutobala, ndi bwino ikhale ndi mafuta okwanira kumapeto. Petulo wa masiku ano wopanda mtovu sapaka pulagi mtundu msanga ngati wakale, choncho pulagi yatsopano ikaoneka yoyererako pa ulendo waufupi sichifukwa chochitira mantha. Choopsa ndi mphuno yoyera mbee yokhala ndi timatuza kapena timadontho tonyezimira ta chitsulo, kapena nsonga yosungunuka.

Eni njinga anafunsa ngati tingaike pulagi yotentha kwambiri kuti isamadenso. Pa NGK nambala yotsika ndi yotentha, choncho D7EA ndi yotentha kuposa D8EA. Pa Bosch manambala amayenda mosemphana. Takana pakadali pano. Pulagi yotentha imaotcha mwaye ndipo vuto limabisika, koma petulo amapitirirabe kutsuka oyilo pa khoma la silinda. Komanso mphuno ikapitirira madigiri pafupifupi 800 imayatsa mafuta nthawi isanakwane, ndipo pisitoni imatha kubooka pamwamba. D7EA ili ndi malo ake pa njinga yomwe zonse zili bwino koma imangoyenda pang'onopang'ono m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Iyi si yotero.

Tawalangizanso kuti asiye kuotcha mapulagi ndi petulo nkuwapala ndi burashi ya waya. Burashi imasiya mizere ya chitsulo pa mphuno yoyera, magetsi nkumatsata mizereyo. Njinga yatuluka ndi malangizo atatu: kampopi katsekedwe usiku uliwonse, injini izimitsidwe pa siteji m'malo moisiya ikulira, ndipo pulagi isachotsedwe mpaka ibwere kuno.

Lachinayi la sabata yotsatira

Njinga yabwera ndi pulagi yomwe ija. Ikulira pa kiki imodzi kapena ziwiri, sikutsokomola, ndipo oyendetsa akuti petulo akukhalitsa. Oyilo ali pa mzere, sakununkha petulo, ndipo watsika pang'ono kwambiri. Mphuno ya pulagi ndi yofiirira mozungulira, koma mbali imodzi ili ndi kachigamba kakuda konyezimira, ndipo mazinga awiri oyambirira ndi onyowa ndi oyilo. Mwaye wa petulo uja unkaphimba chizindikiro ichi.

Titafunsitsa, akuti m'mawa ekizozi imatulutsa utsi wabuluu kwa masekondi angapo kenako umatha, ndipo umaonekanso akatsika malo otsetsereka moto utatsekedwa nkudzaperekanso. Utsi wa maringi umachuluka injini ikamakoka katundu. Utsi wa m'mawa ndi wa potsetsereka ndi wa oyilo wotsika m'miyendo ya mavalavu: usiku amadontha pang'onopang'ono nkukhala pamwamba pa valavu, ndipo throttle ikatsekedwa injini ikuthamanga, kukoka kwa m'khosi kumamuyamwa kudzera mu gaidi, kapaipi komwe mwendo wa valavu umayendamo. Kompuleshoni yabwino ya Lachisanu ikugwirizana ndi zimenezi.

Hedi taitsitsa. Mapushirodi tawaika chizindikiro kuti lililonse libwerere malo ake. Kuseri kwa valavu yolowetsa kuli chibuma cha kaboni wonyowa, ndipo seal yake, labala yotchinga oyilo pa mwendo wa valavu, yauma gwa, yang'aluka pakamwa, inatuluka ndi zala popanda kulimbana nayo. Ya kotulutsa nayo ndi youma. Miyendo ya mavalavu ndi ya 5.5 mm, yosalala, yopanda khwawa. Valavu itatulutsidwa pafupifupi sentimita imodzi pa mpando nkuigwedeza cham'mbali, yolowetsa imangosuntha pang'ono zedi, yotulutsa imasuntha moonekerako koma osafika pogogoda. Gaidi yotha imapha seal yatsopano m'miyezi yochepa, choncho ya kotulutsa tailemba kuti iyang'anidwenso hedi ikadzatsikanso.

Khoma la silinda lilibe mizere yozama, ndipo mizere yopingasana ya kufakitale ikuonekabe kunsi. Silinda sitinaizule. Kaboni wa pamwamba pa pisitoni tapala ndi kachidutswa ka aluminiyamu, pisitoni ili pamwamba penipeni kuti zinyalala zisalowe m'mbali. Mavalavu tawapera pa mipando yake ndi phala losalala mpaka mzere wotuwa wosadukiza uoneke kuzungulira, nkutsuka phala lonse ndi palafini. Ma seal atsopano alowa atapakidwa oyilo, pokankha ndi soketi yaing'ono ndi dzanja, osamenya ndi hamala. Masipuling'i atabwerera tathira palafini m'makosi onse awiri hedi itagonekedwa cham'mbali, ndipo kwa mphindi zisanu sipanatuluke chinyezi kuzungulira mavalavu.

Gasiketi ya hedi ndi yatsopano, pamodzi ndi ka labala kozungulira njira ya oyilo. Manati amangidwa mopingasa, pang'onopang'ono, maulendo atatu. Mpata wa mavalavu waikidwanso 0.06 ndi 0.08 mm. Pulagi yachiwiri ya D8EA yalowa, yoyamba yasungidwa m'kabokosi kolembedwa kuti tidzayerekeze.

Zotsala: njinga igone kuno usiku kuti tione utsi wa m'mawa ndi maso athu injini itazizira. Ikayenda makilomita pafupifupi 500 ibwere kuti tiyezenso manati a hedi ndi mpata wa mavalavu, popeza gasiketi yatsopano imakhala pansi pang'ono ndipo pa injini ya mapushirodi zimenezo zimasintha mpatawo. Tsiku lomwelo tidzatsegula kafyuluta ka petulo. Mukadzapezeka dzimbiri lambiri, thanki idzafunika kutsitsidwa ndi kutsukidwa mkati singano ya fuloti yatsopanoyi isanaonongeke.